Zipolopolo zidasoweranji ku America, dziko lomwe limazipanga lokha?

Mlimi yemwe ali ndi mfuti ya chiphaso yoopsezera nguluwe ndi anyani kumunda akudziwa kuti mtengo wa chipolopolo sunabwererepo m'mbuyo m'zaka zapitazi. Ambiri timaloza chala kugwa kwa kwacha, ndipo nzoona ndithu, chifukwa ndalama yathu idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022 ndi 44 peresenti mu November 2023, pamene zipolopolo timachita kuitanitsa kunja. Koma gwero lina la nkhaniyi lili kutali, m'dziko la America, kumene anthu wamba amagula zipolopolo zochuluka kuposa kwina kulikonse. Zomwe zidachitika kumeneko kuyambira m'chaka cha 2020 zili ndi phunziro kwa aliyense wogula katundu pamsika, ngakhale amene sanagwirepo mfuti chibadwire.

Mantha ndiwo adayamba

Mu March 2020, matenda a Covid-19 atafika, anthu a ku America adayamba kuopa kuti chakudya chisowa ndipo umbava uchuluka. Mu May chaka chomwecho wapolisi adapha George Floyd mumzinda wa Minneapolis, ndipo m'mizinda yambiri mudabuka zionetsero, kwina mpaka kuotcha masitolo. Mu November kudali chisankho cha pulezidenti, ndipo eni mfuti ambiri ankaopa kuti boma latsopano likhwimitsa malamulo. Zinthu zitatuzi zidagwa m'chaka chimodzi.

Kumeneko munthu akafuna kugula mfuti m'sitolo, dzina lake limayamba lafufuzidwa ndi apolisi a FBI. M'chaka cha 2020 kafukufuku wotere adachitika ka 39.7 miliyoni, chiwerengero chomwe chidali chisanaonekepo. Bungwe la opanga ndi ogulitsa mfuti la NSSF lidati anthu pafupifupi 8.4 miliyoni adagula mfuti koyamba m'chaka chimenecho. Tsono tawerengetsani nokha. Ngati aliyense wa anthuwa adangogula mabokosi awiri a zipolopolo 50, ndiye kuti pamsika padafunika zipolopolo 840 miliyoni zoonjezera pa zomwe mafakitale adakonzekera.

Mashelefu atayamba kuoneka opanda kanthu, eni mfuti akale nawo adachita mantha. Munthu yemwe ankagula bokosi limodzi adayamba kugula khumi akawapeza. Ena ankagula ndi cholinga chokagulitsanso pa mtengo wokwera. Masitolo adayamba kuika malire, mwina mabokosi awiri pa munthu, koma anthu ankalawirira m'mamawa tsiku lobwera katundu nkusesa zonse. Mitengo ya zipolopolo zina idakwera kawiri, zina mpaka katatu. Ife kuno khalidweli sitichita kuuzidwa, chifukwa timaliona mphekesera ikangomveka kuti shuga kapena feteleza asowa. Kusowa kwenikweni kumakhala kochepa, koma mantha amakukulitsa.

Aka sikadali koyamba. Zipolopolo zidasowanso Barack Obama atapambana chisankho mu 2008, ndiponso ana asukulu ataphedwa ku Sandy Hook mu December 2012. Ulendo wachiwiriwu, tizipolopolo ting'onoting'ono ta .22 tomwe alimi amaphera agologolo ndi akalulu tidavuta kupeza kwa zaka zingapo.

Bwanji mafakitale sadangopanga zambiri?

Funsoli ambiri adafunsa, ndipo ena adafika poganiza kuti makampani akubisa katundu dala. Koma tiyeni tione chipolopolo cha mfuti ya shotigani mmene chilili. Chili ndi chikhokho cha pulasitiki chokhala ndi tsinde lachitsulo. Pakati pa tsindelo pali kabatani kotchedwa primer, komwe kamathetheka moto msomali wa mfuti ukakamenya. Mkati muli wonga, kenaka kachotsekera, ndipo kumapeto kuli machaka, timipira ta mtovu tija. Chimodzi mwa zinthuzi chikasowa, fakitale yonse imaima.

Chomwe chidavuta kwambiri ndi kabatani kaja. Mankhwala ake ndi oopsa kupanga, ndipo panthawiyo makampani akuluakulu opanga timabatanito ku America adali anayi okha: Federal, CCI, Winchester ndi Remington. Tsoka ilo, mu July 2020 kampani ya Remington idagwa ndi ngongole, ndipo fakitale yake ya zipolopolo ku Lonoke m'chigawo cha Arkansas inkangogwira mwa apo ndi apo. Kampani ya Vista Outdoor idaigula pa mtengo wa $81.4 miliyoni, koma padatenga miyezi kuti alembe antchito, awaphunzitse ndi kuyambiranso bwino.

China nchakuti eni mafakitale adali atapsapo kale. Donald Trump atapambana mu 2016, mantha a eni mfuti adatha, malonda adatsika, ndipo makampani adatsala ndi katundu wosayenda. Munthu amene adamangapo shedi yaikulu chaka chomwe fodya adagulidwa bwino, chaka chotsatira nkugwa mtengo, amaganiza kawiri asanamangenso ina.

Zipangizo nazo zidakwera. Mkuwa, womwe anzathu a ku Zambia amakumba, udapitirira $10,000 pa tani mu May 2021, ndipo zikhokho za zipolopolo za mfuti zina ndi za mkuwa wosakaniza ndi zinki. Mu August 2021 boma la America lidalengeza kuti lisiya kupereka zilolezo zatsopano zoitanitsira zipolopolo ku Russia, zomwe zidali zotsika mtengo ndi zokondedwa ndi anthu ochepekedwa.

Pamene pakulowa thonje ndi feteleza

Mbali iyi ndiyo imadabwitsa alimi ambiri. Wonga wa masiku ano si wakuda uja wa makala umene agogo athu ankathira mu gogodera. Umapangidwa kuchokera ku chinthu chotchedwa nitrocellulose, ndipo chiyambi chake ndi thonje kapena zamkati mwa mitengo. Thonje likapunthidwa ku jinale, pa njere pamatsalira kaubweya kafupikafupi kosatheka kuwomba nsalu. Kaubweya kameneka, kotchedwa linters, amakapala kufakitale yoyenga mafuta, nkukayeretsa, kenaka nkukathira asidi. Asidiyo amachokera ku ammonia, yemweyo amene amapangira feteleza wa urea ndi CAN, ndipo ammonia amapangidwa ndi gasi wa pansi pa nthaka.

Nkhondo ya Russia ndi Ukraine itayamba mu February 2022, gasi adakwera mtengo ku Ulaya, ndipo feteleza adakwera naye limodzi, monga tidaonera tokha. Nthawi yomweyo maboma adayamba kulimbirana wonga wa mizinga, ndipo chipolopolo chimodzi cha mzinga chimadya wonga wa makilogalamu angapo, pamene cha shotigani chimangofuna magalamu awiri osakwana. Kaubweya koyeretsedwa kambiri kamachokera ku China. Asilikali akafika pamzere ndi ndalama za boma, mlenje ndi mlimi amabwerera kumapeto. Mu 2024 dziko la China lidakhwimitsanso malamulo otumizira kunja mwala wa antimony, womwe amasakaniza ndi mtovu kuti machaka akhale olimba.

Mlimi wa thonje wa ku Balaka kapena ku Chikwawa asathamangire kuganiza kuti nkhaniyi ikweza mtengo wa thonje lake. Kaubweyako ndi kotsalira chabe, ndipo phindu lili kwa amene ali ndi fakitale yokayeretsa.

Kusowa koopsa kuja kudayamba kuchepa cha mu 2022 ndipo katundu adabwerera m'masitolo, koma mitengo ya zipolopolo zambiri siidatsike kufika pomwe idali mu 2019.

Machaka a mbalame, a nyama, ndi chipolopolo chimodzi

Anthu ambiri amene adagula mfuti koyamba ankafuna kuteteza nyumba, ndipo ena adasankha shotigani chifukwa ndi yotsikirako mtengo. Atapita kusitolo adapeza kuti zipolopolo zomwe ankafuna kulibe, nayamba kufunsana ngati zilizonse zingagwire ntchito. Mpofunika kumvetsa kusiyana kwake.

Nambala 12 yomwe imalembedwa pa mfuti zambiri imatanthauza kuti mipira 12 ya mtovu yokwana bwino mumpope wa mfutiyo imalemera paundi imodzi. Mpope wake ndi wa mamilimita 18.5 m'mimba mwake. Ya nambala 20 ndi yocheperapo.

Mtundu woyamba ndi machaka a mbalame. Ndi ang'ono ngati njere za mapira, ndipo a nambala 8 amakwana pafupifupi 400 m'magalamu 28. Amamwazika kuti agwire mbalame ikuuluka, koma kanjere kalikonse nkopepuka ndipo kamatha mphamvu msanga. Mtundu wachiwiri ndi machaka a nyama, otchedwa buckshot. Otchuka ndi a 00, aakulu ngati nsawawa, mamilimita 8.4, ndipo m'chipolopolo cha mamilimita 70 mumalowa 8 kapena 9. Mtundu wachitatu ndi slug, chimtovu chimodzi cholemera magalamu 28, chomwe alimi a ku America amawombera nkhumba zakutchire. Nkhumbazi zilipo zoposa 6 miliyoni, ndipo unduna wa zaulimi kumeneko udawerengera kuti kuononga kwake pamodzi ndi ndalama zolimbana nazo zimafika $1.5 biliyoni kapena kuposerapo pachaka. Zipolopolo zitasowa, alimi amenewa ndi alenje adavutika nawo pa mlandu womwe sadaupalamule.

Mkangano wa eni nyumba udali wotere. Machaka a mbalame salowa kwambiri, kotero ena amati ndi abwino m'nyumba momwe muli ana, koma aphunzitsi a zamfuti ambiri amati sangadaliridwe kuimitsa munthu woopsa. Machaka a nyama ndi slug amalowa kwambiri, ndipo vuto lake lili pomwepo. Nyumba zambiri za ku America makoma ake a mkati ndi a matabwa ndi mabolodi opyapyala, ndipo machaka a 00 akaphonya amaboola makoma angapo nkukafika kuchipinda kwa mwana kapena kwa neba. Palinso bodza lofala lakuti shotigani siifuna kulunjika chifukwa imamwaza. Pa mtunda wa mkati mwa chipinda machaka amakhala asanamwazike, amangotenga malo ngati chikhatho. Choncho munthu wamantha, mumdima, angathe kuphonya wakubayo nkulasa wina.

Khoma la njerwa zootcha limaimitsa machaka kuposa bolodi, koma chitseko cha thabwa, zenera, malata ndi mpanda wa udzu sizimaimitsa kanthu. Ndipo machaka a mbalame omwe ena amati ndi oopsezera chabe, pafupi amapha ndithu, patali amachititsa khungu. Palibe chipolopolo choopsezera munthu.

Zomwe ziwerengero zikunena

Mfunso lalikulu, lomwe ogula ambiri sadafunse, ndi lakuti kodi mfuti m'nyumba imateteza banja? Mu 1993 dokotala Arthur Kellermann ndi anzake adasindikiza kafukufuku woonetsa kuti m'nyumba momwe mudali mfuti, mwayi woti wina aphedwe udali wokwera ka 2.7 poyerekeza ndi nyumba zopanda mfuti, ndipo wakupha nthawi zambiri adali wachibale kapena wodziwana naye. Okonda mfuti adatsutsa kachitidwe ka kafukufukuyo, ndipo mkanganowo sunathe. Koma chiwerengero china sichitsutsika. Mu 2021 anthu 48,830 adafa ndi mfuti ku America, ndipo oposa theka adali odzipha okha. Mfuti yogulidwira wakuba yemwe mwina sadzabwera imakhala m'nyumba tsiku lililonse, pa tsiku la ndewu ya m'banja, la mowa, ndi la ngongole yosowa pogwira.

Phunziro kwa ife

Kuno kwathu lamulo la Firearms Act silimalola munthu kusunga mfuti kapena zipolopolo popanda chiphaso chochokera kupolisi. Katundu akasowa pamabwera ogulitsa a mseri, ndipo wogula kwa iwo amapalamula mlandu, komanso sadziwa chomwe wagula. Chipolopolo chomwe chidanyowa chikhoza kulira mofooka nkusiya kachotsekera mumpope, ndipo chotsatiracho chimaphulitsa mfuti m'manja. Chodzazidwanso wonga mongoyerekeza nchoopsa chimodzimodzi. Chipolopolo cha mamilimita 76 sichiyenera kulowa m'mfuti yolembedwa 70, ngakhale chikwane. Cha nambala 20 chikalowa molakwika m'mfuti ya nambala 12 chimatsetserekera mkati nkutsekereza, nchifukwa chake ku America za nambala 20 amazipanga zachikasu. Safunsa adadya phula. Werengani zolembedwa pa mpope wa mfuti yanu.

Mfuti isungidwe yopanda chipolopolo, yokiyiridwa, ndipo zipolopolo zikhale kwina, pouma, posafika ana. Nyama zikuluzikulu zikamaononga mbewu, dziwitsani a nthambi yoona za nyama zakutchire. Pa nguluwe ndi anyani, ngalande, mpanda waminga, agalu ndi kulondera mosinthana ndi eni minda yoyandikana zimagwira ntchito usiku uliwonse popanda kudikira sitima ya katundu. Pa akuba, khola lolimba loyandikira nyumba, loko wabwino, kuika zizindikiro pa ziweto, kusasunga ndalama za fodya m'nyumba ndi kugwirizana ndi komiti ya chitetezo ya m'mudzi ndi zinthu zomwe mtengo wake sudalira nkhondo ya ku Ukraine. Amene adathamangira kugula mabokosi khumi mu 2020 adalipira kawiri kapena katatu. Mphekesera ya kusowa kwa katundu ikadzamveka pa malo a malonda panu, yambani mwawerenga zomwe mukufunadi chaka chino musanatulutse ndalama.