Nyongolotsi zanga zinapsa mu Okutobala

Anzanga a pamsika amandiseka ati ena akuweta nkhuku, ine ndikuweta nyongolotsi. Asekeni. Feteleza ndi wodula, pomwe masamba a kabichi ndi makoko a nthochi amene inu mumataya madzulo aliwonse, nyongolotsi zimawasandutsa manyowa akuda bii, osanunkha.

Koma si nyongolotsi iliyonse ayi. Zija timakumba kudambo popita kokawedza sizikhazikika m'beseni. Zoweta ndi zofiira, zing'onozing'ono, zimene a sayansi amazitcha Eisenia fetida. Dzinali ndinalimva ku yunivesite ndisanasiyire panjira, koma sukulu yeniyeni ndinailowa mu Okutobala wa 2023.

Ndinasiya beseni langa m'kachisakasa ka malata kuseri kwa nyumba, n'kupita kumudzi kumaliro masiku anayi. Pobwera ndinalandiridwa ndi fungo. Zina zinayesa kuthawa, ndinazipeza zitaumira pa simenti ngati timitengo ta machesi. Ntchito ya miyezi isanu inathera pomwepo.

Nyongolotsizi zimadya ndi kuswana bwino kutentha kukakhala pakati pa madigiri 15 ndi 25. Kukapitirira 30 zimayamba kuvutika, chakuma 35 zimafa. Nanga pansi pa malata masana a Okutobala, mukuganiza kumafika pati? Chinanso, zinyalala zikaunjikana zimatentha zokha pamene zikuwola. Ine ndinazithirira chakudya chambiri, ndimati ndikuzisiyira kamba, osadziwa kuti ndikuzikolezera moto. Kuzizira kwa chiperoni mu Juni sikuzipha, zimangochita ulesi basi.

Tsono za madzi. Nyongolotsi ilibe mapapo, imapuma ndi khungu, ndipo khungulo likauma yatha. Koma madzi akachulukanso mpweya sulowa, m'beseni mumasasa. Odziwa amati chinyezi chikhale cha pakati pa 70 ndi 80 peresenti, koma ndani ali ndi makina oyezera ku Ndirande? Tapani dzanja limodzi, finyani. Likatuluka dontho limodzi kapena awiri, zili bwino. Madzi akamachucha, onjezani makatoni ong'ambang'amba kapena nyuzipepala yakale, ngakhale tsamba lino, sindikwiya. Mukaona nyerere zikulowa, dziwani kuti mwauma, wazani madzi pang'ono.

Pano beseni latsopano ndinaliboola pansi, lili pamthunzi wa mtengo wa mango, pamwamba ndimafunditsa chiguduli chonyowa. Mayi a landilodi poyamba amati ndichotse zonyansazo pakhomo pawo. Sabata yatha abwera ndi chitini, akufuna manyowa a mpiru wawo.