Nyumba ya Zidina ya ku Mandala

Mvula ikakhazikika m'mwezi wa Januwale, ife a kuno ku Mitundu ndi ku Nathenje timadziwiratu nkhani imene tidzamve m'mawa: khoma la nyumba ya auje lagwa usiku. Anthu akasonkhana kudzazonda, mlandu wonse umagwera zidina. Amati nyumba ya njerwa zosawotcha ndi ya amphawi, siikhalitsa. Chotero yense wopeza kangachepe pa fodya kapena pa soya amathamangira kuwotcha uvuni, ndipo mitengo ikutha, ngakhale m'nkhalango ya Dzalanyama kumene kumachokera mtsinje wa Lilongwe. Koma tisanaweruze zidina, tiyeni awerengi athu titsate msewu uja umadzera pa Nathenje, tiyende makilomita pafupifupi 300 kufikira ku Blantyre, tikaone nyumba imene ikutsutsa mawu amenewa.

Nyumbayi imatchedwa Mandala. Idamangidwa m'chaka cha 1882, ndipo imadziwika kuti ndiyo yakale koposa mwa nyumba za Azungu zimene zikadali chilili m'Malawi muno. Eni ake adali kampani ya zamalonda imene idakhazikitsidwa ku Glasgow mu 1878, ndi cholinga chakuti izitengera katundu amisoni, ndiponso kuti malonda oyenera alowe m'malo mwa malonda a akapolo. Ndiyo idadzatchuka ndi dzina lakuti African Lakes. Oyang'anira ake oyamba adali anthu awiri apachibale, John ndi Frederick Moir. John ankavala magalasi a maso onyezimira padzuwa, tsono anthu adamupatsa dzina lakuti Mandala. Dzinalo lidachoka pa munthu nkugwera nyumba, kenaka kampani yonse ndi masitolo ake, ndipo lero ndi dzina la dera lonselo la mzinda. Achikulire pakati pathu akukumbukirabe masiku ogula nsalu ndi mchere kwa Mandala.

Kuti timvetse chifukwa chake adamanga ndi dothi, tiyenera kukumbukira njira imene katundu ankadzera. Sitima ya panyanja inkatula katundu ku Quelimane, kumene Apwitikizi ankadula msonkho. Kuchoka apo ankayenda pamadzi mu Zambezi ndi Shire kufikira kwa Katunga, pafupi ndi Chikwawa. Popeza kumtunda kwake kuli mathithi, amtengatenga ankasenza mitolo pamutu kukwera mapiri mpaka ku Blantyre, nkutsikanso nayo ku Matope kumene inkakwezedwa m'sitima yopita ku nyanja. Mandala adali pakati pa ulendo wapansiwu. Nsalu, mikanda ndi zida zinkatulidwa pamenepo popita kumtunda, minyanga ya njovu inkadzera pomweponso popita ku Ulaya. Malo a boma odulira msonkho wa katundu adadzatsekulidwa ku Chiromo pambuyo pa 1891, Angerezi atayamba kulamulira dziko. Pa njira yotere ndani akadasenza matumba a simenti okwanira nyumba yosanja? Adagwiritsa ntchito chimene chidali pansi pa mapazi awo: dothi, udzu, madzi ndi dzuwa. Mabuku amatchula dzina la a Moir, koma mapazi amene adaponda matope aja, ndi manja amene adanyamula zikombole, adali a anthu akuda anzathu.

Munthu akaima patsogolo pa nyumbayi, choyamba kuchiona si khoma ayi, koma khonde. Nyumba ndi yosanja, ndipo khonde lotambalala laikuta pansi ndi pamwamba pomwe, litakhazikika pa nsanamira. Khoma lenileni lili m'kati, mumthunzi. Pamenepa ndiye pagona nkhani. Chidina sichiopa ukalamba, chimaopa madzi. Mvula ya mphepo ikamenya khoma, kapena madzi otsika padenga akamathira m'tsinde mwake, dothi limafewa kuyambira pansi, ndipo nyumba imagwada ngati ng'ombe yothyoka mwendo. Ku Mandala madzi a padenga amagwera kutali ndi khoma. Khonde lomwelo limatchinganso dzuwa, ndipo popeza dothi limachedwa kutentha, m'kati mumakhala mozizirira ngakhale m'mwezi wa Okutobala, pamene ife m'nyumba zathu za malata timasowa pokhala masana.

Bwalo la nyumbayi lidatchingidwa kuti likhale linga pa nthawi ya nkhondo, pakuti masikuwo sadali a mtendere. Mu 1884 Angoni a Chikuse adawoloka Shire nathira nkhondo midzi ya kufupi ndi Blantyre. Kuyambira mu 1887 kampani yomweyi idamenyana ndi Mlozi, wogula akapolo wa ku Karonga, ndipo abale awiri aja adavulala pa nkhondoyo. Ndiponso usiku wa pa 23 Januwale 1915, anthu a John Chilembwe adachoka ku Mbombwe kudzathyola nyumba yosungiramo mfuti za kampani ku Mandala komweku. Adangotengako mfuti zowerengeka alonda asanakuwe.

Sitikufuna kuiyeretsa kampaniyi. Idathandizadi amisoni, koma idapanganso mapangano ndi mafumu amene sankadziwa kuwerenga, nidzitengera malo aakulu kumpoto kwa dziko, ndipo antchito ake ankawalipira ndi mipande ya nsalu. Kampaniyo lero kulibe. Chatsala ndi nyumba, imene boma lidaiika m'gulu la zinthu zakale zotetezedwa, ndipo pamwamba pake bungwe la Society of Malawi, lija lidayamba mu 1946, lidaikapo mabuku, zithunzi ndi makalata akale a dziko lino. Taganizani, mapepala amene amaopa chinyezi koposa zonse asungidwa m'nyumba ya dothi!

Wina adzati, nanga si nyumbayo imakonzedwa kawirikawiri? Inde, ndipo ili pamalo okwera. Pamene namondwe wa Freddy adawononga ku Blantyre mu Malichi 2023, nyumba zambiri zidakokoloka m'munsi mwa phiri la Soche, za zidina ndi za njerwa zowotcha zomwe, pakuti madzi ogumula phiri sasankha njerwa. Palibe khonde limene lingapulumutse nyumba yomangidwa m'njira ya madzi. Sitikunyozanso njerwa yowotcha: tchalitchi cha St Michael and All Angels, chimene David Clement Scott adamanga ndi anthu a ku Blantyre kuyambira 1888 kufikira 1891, ndi cha njerwa zowotcha, ndipo nacho chikadali chilili. Chimene tikukana ndi mawu aja akuti chidina pachokha ndicho chimagwetsa nyumba.

Makolo athu ankazidziwa izi asanaone Mzungu. Nyumba yawo yozungulira idali ndi denga lotsika kwambiri, lotsamira pa nsichi za pakhonde, ndipo amayi ankakweza guwa la dothi kuzungulira khoma, namalizira chaka ndi chaka mvula isanagwe. Ife tidayamba kufupikitsa denga titafika pa malata, chifukwa lata limagulidwa poyesa utali wake. Yendani pa msika wa Mitundu Loweruka muone nyumba zatsopano za m'mbali mwa msewu: malata amathera pakhoma penipeni, ena osapitirira ngakhale chikhatho cha dzanja, ndipo m'tsinde mwa khoma mwadyeka kale ndi madzi nyumba isanathe zaka zitatu. Mwini wake akusunga ndalama za nkhuni za uvuni wina, pamene gawo chabe la ndalama zomwezo likadamugulira malata otalikirapo, miyala ya maziko ndi nsanamira za khonde.