Kafoni kong'aluka kamene kamaweruza mafasho a webusaiti

M'kabati ya mu ofesi mwanga ndimasungamo kafoni kakale ka Itel, galasi lake linang'aluka pakona. Anzanga amakaseka, koma pa ntchito yanga yokonza mawebusaiti a mabizinesi, kafoni kameneka ndiko kamagamula milandu.

Mwezi wathawu kunabwera mayi wina amene ali ndi malo ogona alendo kunyanja. Ananditsegulira pa laputopu yawo webusaiti ya hotela ina ya ku Dubai. Ukangolowa, kanema amayamba kusewera yekha, zilembo zikuuluka kuchokera m'mbali, zithunzi zikutsetsereka ukamatsika. "Achimwene, ndikufuna yangati iyi," anatero. Sindinatsutse. Ndinatsegula tsamba lomwelo pa kafoni kanga, pa bandulo wamba, n'kuwapatsa. Tinadikira mpaka tinayamba kukamba za mvula. Kanemayo atayamba kuoneka, mayiwo anali atakaika kale kafoniko pa tebulo. Ndinawauza kuti mlendo wawonso akanachoka chimodzimodzi, ndipo sakanawatsanzika.

Sikuti ndimadana ndi zatsopano. Kungoti ndinaonapo mafasho akubadwa n'kufa. Kale aliyense ankafuna Flash, pulogalamu imene inkavinitsa zithunzi ndi mayina a kampani. Apple inakana kuilola pa iPhone, ndipo mu 2010 Steve Jobs analemba kalata yofotokoza zifukwa zake. Kumapeto kwa 2020 eni ake, a Adobe, anaisiya. Amene anamanga webusaiti yonse pa Flash analipiranso kuti imangidwe kachiwiri.

Chaka chomwecho cha 2010, Ethan Marcotte anatchukitsa njira yotchedwa responsive design, yoti tsamba limodzi lizidzikonza lokha molingana ndi kukula kwa sikirini, kaya ndi ya foni kaya ya kompyuta. Nayonso inkaoneka ngati fasho. Koma mu 2015 Google inayamba kukondera masamba owerengeka bwino pa foni, ndipo lero imayamba yaona mmene tsamba lanu lilili pa foni isanasankhe pokuikani. Flash inkasangalatsa mwini bizinesi akamaonetsa anzake. Responsive design inachotsa vuto la kasitomala amene ankatopa ndi kukulitsa zilembo ndi zala. Ndikaona fasho yatsopano, funso langa limachokera pamenepo: kodi ikuthandiza ndani, wolipira ine kapena wolipira iyeyo?

Zina sindikambirana n'komwe. Adiresi yanu iyambe ndi https. Kuyambira 2018 Chrome imalemba chenjezo pa masamba opanda chitetezo chimenechi, pomwe satifiketi yake imapezeka yaulere ku Let's Encrypt. Liwiro nalonso lili ndi muyeso: Google imati chachikulu cha pa tsamba chizioneka pasanathe masekondi 2.5. Chimene chimachedwetsa kawirikawiri ndi zithunzi zoikidwa monga zinatulukira mu kamera, chimodzi cholemera mamegabaiti angapo. Bandulo imene ikuthayo ndi ya kasitomala, osati yanu.

Fasho imene imandipweteka mtima kwambiri ndi ya zilembo zing'onozing'ono zotuwa pa tsamba loyera. Mu ofesi yozizira zimaoneka zaulemu. Kaimeni nazo padzuwa la Okutobala pa depoti ya mabasi, muone ngati mtengo wa chipinda uwerengeke. Zithunzi zosinthana zokha pamwamba pa tsamba nazonso n'zachabe, chifukwa zimachoka munthu asanamalize kuwerenga. Tsamba lakuda la usiku? Ngati ndalama zatsala, ikani, silipha munthu.

Pano aliyense akufunsa za chatbot. Kwa banki imene imalandira mafunso ofanana tsiku lonse, ili ndi ntchito. Kwa malo a zipinda khumi, kasitomala akufuna munthu woti amuuze ngati msewu ukupitika mvula ikagwa. Batani la WhatsApp limachita zimenezo, bola pakhale woyankha.

Mayi aja tinawamangira tsamba la chithunzi chimodzi chopepuka cha gombe m'mawa, mitengo ya zipinda poyera, mapu, batani la WhatsApp, ndi mawu oti amalandira Airtel Money ndi Mpamba. Kanema wa nyanja sindinawamane. Alipo, pansi, ndipo amasewera pokhapokha mlendo akadina yekha. Tsiku lolandira ntchito anabwera ndi laputopu yawo ija, koma asanaitsegule anati, "Achimwene, tabwerekeni kaye kafoni kaja."