Bala lapola, koma pamimba pali dzanzi: chimachitika n'chiyani mayi akabereka pa opaleshoni?

Mayi akabereka kudzera pa opaleshoni, imene madokotala amaitcha caesarean section, bala lapakhungu limatseka pakangopita sabata imodzi kapena ziwiri. Anthu pakhomo akaona choncho amati basi, wachira. Koma mayiyo akakhudza pamwamba pa chipseracho amamva ngati akukhudza thupi la munthu wina, ndipo kudzuka pamphasa kokha imakhala ntchito. Ambiri mwa inu muli ndi mayi, achemwali kapena alamu amene anadutsa m'zimenezi. Lero ndikufuna tione zimene zimachitika mkati, chifukwa khungu, minofu ndi mitsempha sizichira pa liwiro limodzi.

Tiyambe ndi njira imene dokotala amadutsa kuti afike pamene pali mwana. Kawirikawiri amacheka mopingasa m'munsi mwa mimba, pamwamba pang'ono pa chinena, kutalika kwake masentimita 10 mpaka 15. Kachekedwe kodziwika kwambiri ka mtunduwu kamatchedwa Pfannenstiel, dzina la dokotala wa ku Germany amene anakafotokoza m'chaka cha 1900. Akadutsa khungu ndi mafuta amapeza chikuto cholimba choyera chimene chimakuta minofu, chotchedwa fascia. Chimenechi amachicheka. Pansi pake pali minofu iwiri yaitali yotsika kuchokera kunthiti kufika pafupa la pachinena, ija anyamata amainyadira kuti six pack. Dzina lake ndi rectus abdominis. Apa ndi pamene ambiri amadabwa: nthawi zambiri minofu imeneyi saidula ayi. Amangoisiyanitsa pakati n'kuikankhira m'mbali ngati makatani. Kenako amatsegula kanembanemba kokuta zam'mimba, n'kucheka chiberekero.

Nanga ngati minofu saidula, mphamvu zimathera kuti? Ine ndimaona zifukwa zitatu. Choyamba, minofuyi imakhala itakokedwa kwa miyezi yambiri ndi mimba imene ikukula. Mzere wolimba wolumikiza minofu iwiri ija pakati, linea alba, umatanuka, ndipo mwa amayi ambiri pamatsala mpata ngakhale atabereka popanda opaleshoni. Chachiwiri, fascia ija yasokedwa, ndipo ndi imene minofu imadalira ikamakoka. Chachitatu ndi ululu. Pamalo pakamapweteka, ubongo umachepetsa mauthenga olamula minofu yapamenepo kugwira ntchito, ndipo mnofu wosagwira ntchito umafooka msanga.

Thupi limasoka bala lake ndi ulusi wa puloteni yotchedwa collagen. M'masabata oyamba ulusiwu umayalidwa mwachisawawa, ngati udzu umene wangoponyedwa padenga usanamangidwe. Pang'ono ndi pang'ono thupi limauchotsa n'kuyala wina wolimba, wolunjika kumene mphamvu ikukokera. Ntchito imeneyi imatenga miyezi, mwina chaka chathunthu, ndipo ngakhale itatha, chipsera chimangofika pafupifupi 80 peresenti ya kulimba kwa malo amene sanachekedwepo. N'chifukwa chake azachipatala amalangiza kuti kwa masabata 6 oyamba mayi asanyamule chinthu cholemera kuposa mwana wakeyo.

Tsopano za dzanzi. Pansi pa khungu pali timitsempha ting'onoting'ono totumiza mauthenga kuubongo. Musatisokoneze ndi mitsempha ya magazi. Iti ndi timene timakuuzani kuti pano patentha, pano wina wakutsinani. Pocheka khungu, tina mwa timeneti timaduka, ndipo palibe njira yopewera zimenezi. Mbali ya kamtsempha imene yalekana ndi selo yake imafa, ndipo khungu lapamenepo limasowa wotumiza uthenga. Dzanzi limeneli ndi losiyana ndi lija la jakisoni wapamsana amene amabaya pa nthawi ya opaleshoni. La jakisoni limatha pakapita maola ochepa chabe.

Chosangalatsa n'chakuti mitsempha ya kunja kwa ubongo ndi fupa la msana imatha kuphukanso. Koma ndi yaulesi zedi: imakula pafupifupi milimita imodzi pa tsiku. Tiyeni tiwerengere limodzi. Ngati kamtsempha kakufunika kuyenda masentimita 5, amenewo ndi mamilimita 50, ndiye kuti masiku 50, ndipo apo n'kuti njira ili yosalala. Koma timitsemphati timayenera kudutsa m'chipsera cholimba, ndipo tina timasochera. Choncho dzanzi limatha kukhala miyezi ingapo mpaka chaka, ndipo mwa amayi ena kadera kakang'ono kamatsala kosamva mpaka kalekale. Pamene mitsempha ikuphuka, mayi angamve kuyabwa, kunyerenyetsa kapena kubaya ngati singano. Si matsenga, ndiponso sizitanthauza kuti opaleshoni inalakwika.

Mphamvu zimabwerera mwa kugwiritsa ntchito minofu pang'onopang'ono. Choyamba ndi kuyenda. Anamwino amadzutsa mayi kuti ayendeko tsiku lomwelo kapena lotsatira, chifukwa kuyenda kumathandiza kuti magazi asaundane m'miyendo ndiponso kuti matumbo ayambirenso kugwira ntchito. Podzuka, ndi bwino kuyamba watembenukira kumbali, kenako n'kudzikankha ndi manja. Pokhosomola kapena poseka, kugwira pabala ndi pilo kapena nsalu yopinda kumachepetsa ululu.

Kenako pamabwera mnofu wamkati kwambiri, transversus abdominis, umene umazungulira mimba ngati lamba. Mayi amagona chagada atapinda mawondo, n'kupumira mpweya mkati, ndipo poutulutsa amakokera m'munsi mwa mimba mkati mofatsa kwa masekondi ochepa. Kumanga ndi kumasula minofu ya pansi pa chiuno, ija imagwira mkodzo, kumayendera limodzi ndi zimenezi. Masewera olemera monga ma sit-up ndi kuthamanga adikire kaye mpaka azachipatala atamuona pa sikelo ya masabata 6 n'kuvomereza. Kumanga chitenje pamimba kungathandize mayi kumva kuti wagwirizika, koma sikulimbitsa minofu, ndipo sikuyenera kufinya bala. Chipsera chikapola kwathunthu, kuchisisita mofatsa ndi zala zoyera kumathandiza ena kuti pakhale pofewa ndiponso kuti azolowerenso kukhudzidwa.

Pali zizindikiro zimene siziyenera kudikira sikelo. Bala likafiira, kutupa, kutsekuka, kutuluka mafinya kapena kununkha, mayi apite kuchipatala tsiku lomwelo. Chimodzimodzinso akatentha thupi, akamataya magazi ambiri, mwendo umodzi ukatupa ndi kupweteka, kapena akamabanika popuma. Chotupa chotukuka pafupi ndi chipsera akamakhosomola nachonso n'chofunika kuti dokotala achione.

Inuyo mbali yanu ndi yotani? Mu Physics munaphunzira kuti lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi. Ndiye kuti chidebe cha malita 20 ndi makilogalamu 20, pamene khanda lobadwa kumene limalemera pafupifupi makilogalamu atatu okha. Mayi akasenza chidebe chimenecho pa sabata yachitatu, mbali ina ya mphamvu yochikweza kufika pamutu imadutsa pa fascia imene isanalimbe. Kusinja, kulima, kuwaza nkhuni ndi kunyamula beseni lodzaza zovala zonyowa n'chimodzimodzi. Ndikupemphani kuti mukaweruka kusukulu, ntchito zimenezi muzizitenga ndinu, anyamata ndi atsikana omwe. Ndipo wina akanena kuti mayiyo akuchita ulesi poti bala linapola kale, mufotokozereni mwaulemu za collagen ndi milimita imodzi pa tsiku ija.