Chuma cha a Forsyte ndi chilimira wa ku Msaka

Soames Forsyte, loya wa ku London m'buku la John Galsworthy, atafuna kuti mkazi wake Irene asamupulumuke, anamumangira nyumba. Anagula malo ku Robin Hill, kunja kwa mzinda, n'kulemba ntchito katswiri wojambula mapulani, Philip Bosinney. Nyumba inatha, koma Irene anali atagwa kale m'chikondi ndi Bosinney yemweyo, ndipo Soames sanagonemo ngakhale usiku umodzi.

Nkhaniyi inayamba kutuluka mu 1906 pansi pa mutu wakuti The Man of Property, ndipo mu 1922 mabuku atatu anaphatikizidwa kukhala The Forsyte Saga. Galsworthy analandira mphotho ya Nobel mu 1932. Banja limene akulifotokoza ndi la anthu opeza bwino, osati mafumu: maloya ndi amalonda amene amayeza chilichonse ndi mtengo wake. Kwa Soames, mkazi nayenso ndi katundu, ndipo nkhanza imene akumuchitira Irene kuchipinda imachokera m'maganizo omwewo.

Wowerenga wa kwa Nankumba angadabwe. Kuno, pakati pa Anyanja ndi Ayawo, mwamuna ndiye amasamuka kukakhala kwa mkazi. Munda ndi wa mbumba, ana ndi a kuchikazi, ndipo mawu omaliza pa za iwo amakhala ndi malume. Akuluakulu amati mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka. Soames akanakwatira ku Chembe, banja litatha akananyamula mphasa yake n'kusiya nyumba ili chilili.

Koma mwambowu unapangidwira minda, osati injini.

Pagombe la Msaka kapena Malembo chuma chenicheni ndi boti, injini, nyali ndi chilimira, zimene mwamuna wagula ndi ndalama za usipa. Kudabweranso asodzi a Chitonga ndi Chitumbuka ochokera kumpoto, ndipo ambiri mwa iwo amalowola, ana n'kukhala a kuchimuna. Mwini chilimira akamwalira, funso limabuka maliro asanathe n'komwe: ukondewu ndi wa ana ake, kapena wa ana a mlongo wake? Alovi, asodzi ogwira ntchito pa boti, amadikira kuti amve bwana wawo watsopano, pamene mayi wamasiye, amene wakhala zaka akuyanika nsomba pa thandala, nthawi zina amatsala ndi mapoto okha. Zimenezi n'zochititsa manyazi, ndipo kutchula mwambo sikuziyeretsa. Lamulo la chuma chamasiye la 2011 limaika mkazi ndi ana patsogolo ndipo limati kulanda katundu wamasiye ndi mlandu, ngakhale kuti ambiri amafabe osalemba wilu.

Chosiyana kwambiri ndi kumene mabanjawa akulowera. A Forsyte akutha mphamvu: Soames akufuna mwana wamwamuna wodzalowa m'malo mwake, koma mkazi wake wachiwiri, Annette, akubereka mtsikana, Fleur, nkhondo yoyamba yapadziko lonse ikudutsa, ndipo m'buku lachitatu la 1921 nyumba ya ku Robin Hill ikufunafuna wochita lendi. Ku Monkey Bay mapepala a umwini akungoyamba kumene. Lamulo la malo a makolo la 2016 limalola kulembetsa munda, ndipo malo a m'mphepete mwa nyanja, kuyambira ku Makawa mpaka ku Cape Maclear, akufunidwa ndi omanga malo ogona alendo. Papepalapo pamafunika dzina, ndipo mbumba zambiri tsopano zikukangana kuti lilembedwe la mayi, la malume, kapena la mkamwini amene anaumba njerwa.