Mutu 7: Loko wa M'mlengalenga

Munthu woyenda pa msewu wa M1 kuchokera ku Mzimba kulowera ku Mzuzu akafika pa Chikangawa amaona mitengo ya paini, milu ya matabwa m'mbali mwa msewu, komanso madishi okhomedwa pa zipupa ndi pa milongoti pafupi ndi nyumba. Madishiwa sadabwitsa. M'dera la zitunda ndi zigwa ngati la Viphya, mafunde ochokera pa nsanja zapansi amatchingidwa ndi mapiri, pamene ochokera kumwamba amagwa ngati mvula pa denga lililonse. Koma kumene kwafika dishi kumafikanso mphekesera yakuti pali amisiri amene amatha "kutsegula matchanelo onse" ndi pulogalamu ya pa fulashi, munthu n'kumaonera mpira wa ku England osalipira pamwezi. Mutu uno ukufotokoza chimene chimachitika m'kati mwa dikoda, ndipo ukuonetsa kuti pulogalamu yotereyi sipatsa munthu kiyi wakewake. Imangomumangirira kwa wakuba amene sakumudziwa, n'kumulipiritsa mwanjira ina.

Tiyambe ndi ulendo wa chithunzi. Setilaiti imene dishi limaloza ili pamwamba pa mzere wa ikweta, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 36,000, ndipo imazungulira pa liwiro logwirizana ndi la dziko, mwakuti kwa ife imaoneka ngati yaima malo amodzi. N'chifukwa chake mmisiri akalimanga bwino dishi, salisunthanso. Dishilo limasonkhanitsa mafunde ofooka kwambiri n'kuwaponyera pa kachipangizo kokhala kutsogolo kwake kotchedwa LNB, ndipo iko kamawatsitsira m'chingwe mpaka ku dikoda. Nkhungu yamvula ndi mitambo yochindikala, zimene anthu a pa Chikangawa amazidziwa bwino, zimafooketsa mafundewa, chithunzi n'kuyamba kuduka tizidutswa kapena kuima kumene. Setilaiti sisankha nyumba. Wolipira ndi wosalipira onse amalandira mafunde omwewo, ndipo apa m'pamene panabadwira loko.

Kampani yogulitsa matchanelo imasokoneza chithunzi ndi mawu isanazitumize kumwamba. Makampani ambiri amatsata njira imene inakhazikitsidwa ku Ulaya mu 1994, yotchedwa Common Scrambling Algorithm. Kuti chosokonezedwacho chibwerere m'malo, dikoda imafunika nambala yachinsinsi, ndipo nambalayi sikhalitsa: imasintha pakangotha masekondi pafupifupi 10. Nambala yatsopano iliyonse imabwera pa mafunde omwewo, koma ili yotsekeredwa m'kabokosi kakekake, ndipo chotsegula kabokosiko ndi khadi la m'dikoda kapena kachipangizo kobisika m'kati mwa dikodayo. Munthu akalipira, kampani imatumiza uthenga wina kudzera pa setilaiti wouza khadi lake lokha kuti mwezi uno litsegule matchanelo akutiakuti. Ichi n'chifukwa chake amalangiza kuti dikoda ikhale yoyaka pamene mwalipira, kuti uthengawo uipeze ili maso. DStv imagwiritsa ntchito maloko a kampani ya Irdeto, ndipo makampani ena ali ndi awo, koma nzeru yake ndi imodzi: loko mmodzi amateteza chithunzi, wina amateteza kiyi wa chithunzicho.

Tsono pulogalamu ya pa fulashi ija imachita chiyani? Njira zake zodziwika ndi ziwiri. Yoyamba ndi kunamizira khadi pogwiritsa ntchito manambala amene anatuluka mwachinyengo kapena amene anthu anawapeza pa maloko akale ofooka. Yachiwiri, imene yafala chifukwa cha intaneti, ndi kugawana khadi limodzi: kwinakwake, mwina kunja kwa dziko, kuli munthu amene ali ndi khadi lolipiridwa, ndipo kompyuta yake imatumiza nambala ya masekondi 10 ija kwa madikoda ambirimbiri. Taonani tanthauzo lake. Dikoda ya pa Chikangawa sinathyole loko aliyense. Ikungodikira kuponyeredwa kiyi kasanu ndi kamodzi pa mphindi iliyonse. Netiweki ikachedwa pang'ono, wosewera amauma mwendo uli m'mwamba. Bandulo ikatha, kanema amada. Mwini kompyuta uja akagwidwa kapena akangotseka, ndalama imene munthu anapereka yapita, ndipo palibe ofesi yokadandaulako. Makampani nawo sagona: amasintha manambala, amatseka makhadi okayikitsa, ndipo masiku ano amamangirira khadi ku dikoda imodzi kuti lisagwire kwina. Kuwonjezera apo, pulogalamu yosayenerana ndi dikoda, kapena magetsi akathima ili m'kati molowa, imatha kupha dikodayo n'kusanduka bokosi chabe. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Wina anganene kuti mafunde agwera pa denga langa ndisanawaitane, nanga ndalakwa chiyani kuwatola? Funsoli lili ndi nzeru, ndipo yankho lake lili pa Chikangawa pomwepo. Nkhalango ya Viphya, imene inadzalidwa pa mahekitala oposa 50,000, ili m'mbali mwa msewu wa aliyense, koma kuyandikana ndi mtengo sikupatsa munthu chilolezo chouchekera matabwa. Kudula kosasamala pamodzi ndi moto wolusa zasiya zitsa m'malo ambiri amene munali mitengo yothithikana. Wotsutsa adzayankha kuti mtengo ukadulidwa watha, pamene chithunzi sichichepa ngakhale oonera achuluke. Zimenezo n'zoona. Chimene chimachepa si chithunzi koma thumba limene limalipira ojambula, owulutsa, lendi ya setilaiti ndi ufulu woonetsa masewerawo. Osalipira akachuluka, katundu yense amatsalira pa mapewa a olipira, mtengo n'kukwera, ndipo mwini malo oonetsera mpira amene amalipira mokhulupirika amapikisana ndi mnzake amene salipira kanthu.

Chotsutsa chachiwiri n'cholemera kuposa choyamba: mitengo ya matchanelo ndi yokwera poyerekeza ndi zimene wocheka matabwa kapena mlimi wa ku Mzimba amapeza. Zimenezi siziyenera kubisidwa. Ufulu woonetsa mpira wakunja umagulidwa ndi ndalama zakunja, ndipo kwacha ikagwa, monga inagwera mu 2022 ndi mu 2023, woonera ndiye amamva kuwawa. Koma dandaulo la mtengo lili ndi bwalo lake. Mu 2023 bungwe loyang'anira zoulutsa la MACRA linalimbana ndi MultiChoice, kampani yake ya DStv, pa nkhani yokweza mitengo, mpaka kampaniyo inalengeza mu Ogasiti kuti ikuchotsa DStv m'Malawi, ndipo inaibwezeretsa kumapeto kwa chakacho khoti litagamula. Kaya munthu anakondwa ndi chigamulocho kapena ayi, mkanganowo unachitikira poyera, pamaso pa malamulo. Mpikisano nawo ulipo, popeza GOtv, Azam TV ndi StarTimes amalimbirana makasitomala omwewo. Kuba kiyi sikutsitsa mtengo kwa aliyense. Kumangochotsa ndalama m'manja mwa Mmalawi n'kuzipereka kwa munthu wosadziwika amene salipira msonkho ndiponso salemba ntchito wina aliyense kuno. Ndipo lamulo la 2016 loteteza ntchito zaluso, limene bungwe la COSOMA limayang'anira, limatetezanso zimene nyumba zoulutsa zimaulutsa.

Pali kusiyana kumene ambiri amakuphonya, ndipo amisiri achinyengo amadyerapo. Si tchanelo chilichonse cha pa setilaiti chimene chili ndi loko. Pali matchanelo ambiri a nkhani, a mapemphero ndi a maphunziro amene eni ake amawaulutsa osatseka, chifukwa amafuna kuti aliyense aonere. Kugula dikoda ya matchanelo aulere, kuloza dishi moyenera ndi kufufuza matchanelowo si mlandu ngakhale pang'ono. Kuika pulogalamu yatsopano yochokera kwa amene anapanga dikodayo nakonso n'koyenera, ndipo madikoda ambiri amazichita okha kudzera pa setilaiti. Malawi anachedwa kukhala ndi kanema wakewake, popeza Television Malawi inayamba mu 1999, koma lero matchanelo a m'dziko muno alipo angapo, ndipo dikoda ya Kiliye Kiliye inabwera kuti iwafikitse kwa anthu kumene nsanja zake zimafika. Malire ali pamodzi pokha: kodi mwini tchanelo anatseka chitseko kapena anachisiya chotsegula?

Choncho mmisiri akabwera ndi fulashi m'thumba, mufunseni mafunso atatu: pulogalamuyi yachokera kwa ndani, kiyi wake akumulipirira ndani, ndipo ikaleka kugwira mawa mudzapita kwa yani? Wogwira ntchito yowongoka amayankha mosazengereza ndipo amapereka lisiti. Ngati thumba silikukwanitsa matchanelo onse, sankhani ochepa amene mungakwanitse, pitani kukaonera mpira pa malo amene amalipira movomerezeka, kapena khalani ndi aulere. Dishi ndi dikoda mwazigula ndi thukuta lanu. Musazipereke m'manja mwa munthu amene sangakuuzeni dzina lake.