Dothi Lopuma: Mmene Ayuda Akale Ankamuonera Munthu

Thupi ndi mpweya

Plato wa ku Greece ankaphunzitsa kuti mzimu uli ngati wandende m'thupi, ndipo imfa ndiyo imaumasula. Alembi achiyuda a Baibulo la Chiheberi sankaganiza motero. M'mutu 2 wa Genesis, Mulungu aumba dothi, aliuzira mpweya m'mphuno, ndipo pomwepo pakhala munthu. Panalibe mzimu wina wodikira pambali kuti upeze polowa. Munthu ndi dothilo ndi mpweyawo zitaphatikana.

N'chifukwa chake m'malembawa ziwalo ndizo zimaganiza. Mtima umalingalira, kukumbukira ndi kugamula. Wolemba Salimo 16 amalangizidwa ndi impso zake usiku. Za ubongo satchulako n'komwe.

Nanga akafa?

Apa mabuku akale sanyengerera. Akufa onse, abwino ndi oipa omwe, amatsikira ku Sheol, malo amdima achete. Mlaliki, m'mutu 3, afika ponena kuti munthu ndi nyama amapuma mpweya umodzi ndipo amafa mofanana. Kuuka kwa akufa kukuonekera bwino mochedwa, m'mutu 12 wa Danieli, umene akatswiri ambiri amati unalembedwa cha m'ma 165 BC. Taonani kuti ngakhale pamenepo chiyembekezo n'chodzuka m'fumbi, osati kuthawa thupi.

Chifaniziro cha Mulungu

Ku Egypt ndi ku Mesopotamia, amene ankatchedwa chifaniziro cha mulungu kawirikawiri anali mfumu. Genesis 1 apereka ulemu umenewu kwa aliyense, mwamuna ndi mkazi yemwe. Si ulemu wapakamwa chabe ayi: mutu 9 uletsa kukhetsa mwazi wa munthu pa chifukwa chomwechi.

Mlandu ndi wa yani?

Funso ili linawasautsa kwambiri. M'mutu 7 wa Yoswa, Achan abisa zofunkha zoletsedwa, ndipo chilango chigwera iye, ana ake ndi ziweto zake. Munthu ndi banja lake sankalekanitsidwa.

Zinthu zinasintha Ayuda atatengedwa ukapolo ku Babylon kuyambira mu 597 BC. Iwo ankadandaula kuti akulipira machimo a makolo awo. Mutu 18 wa Ezekieli ukana kwamtuwagalu: aliyense adzayankha yekha, ndipo woipa akatembenuka adzakhala ndi moyo. Kwa ine apa ndi pamene pagona mfundo yolimba kuposa zonse, chifukwa mbiri ya munthu yaleka kukhala chigamulo chake.

Komabe amene anasonkhanitsa mabukuwa sanafufute nkhani ya Achan. Mitu iwiriyi ili m'malemba omwewo mpaka lero.